Mayeso a Anjomba

Tsiku loyamba kulowa m'kalasi ku sekondale, aphunzitsi a masamu anati aliyense amene ankakhala nambala wani ku pulayimale aimike dzanja. Ine ndinaimika langa pang'ono, chigongono chili pa desiki, poopa kuti ndikhala ndekha ndipo anthu andiyang'ana. Nditacheuka ndinangoona manja okhaokha. Mtsikana amene anakhala pambali panga anali ataimika onse awiri.

"Tsitsani," anatero aphunzitsiwo. "M'kalasi muno nambala wani akhala mmodzi. Enanu yambiranitu kuzolowera."

Tinaseka tonse, koma aliyense ankaseka anzake.

Sukuluyo inali ya atsikana okhaokha, yogonera komweko, ndipo munthu sunkangopitako, unkachita kusankhidwa. Chaka chimene ndinasankhidwa, amayi a kwathu ku Lungwena ankabwera kunyumba kudzandiona, ena atanyamula sopo, ena mtedza, ngati kuti ndachira matenda aakulu. Ine ndinkabisala kuseri kwa nyumba mpaka amayi atandiitana.

Kusukuluko kunali mwambo umene sunalembedwe paliponse, koma aliyense ankaudziwa: aphunzitsi ankauma dzanja pochonga mayeso. Samu ukaipeza bwinobwino koma n'kuiwala kulemba kuti masentimita kumapeto, yonse inkapita. Ukayankha zoona koma n'kuonjezera chiganizo chimodzi chosafunika, ankachizunguliza ndi cholembera chofiira n'kulemba pambali kuti, "Wakufunsa ndani?" Wina akapeza malikisi 60, pepala lake linkayenda m'hositelo yonse, tikumaliwerenga mosinthana. Atsikana a Folomu 4 ankatiuza kuti aphunzitsi amachita dala, kuti mayeso a boma akadzafika tidzawaone ngati masewera. Ena ankati ayi, ndi nkhanza chabe. Ine sindinkadziwa mbali yoima.

Ndinali ndi kope limene ndinkalembamo za tsiku ndi tsiku, ndipo ndikaliwerenga lero ndimapeza kuti zaka zimenezo ndinkalemba mafunso kuposa nkhani. Lina linali lakuti, kodi nzeru zimatha ngati sopo? Ku pulayimale ndinkapeza 90. Pano ndinkawerenga kuposa kale lonse koma n'kumapeza 48. Ndinkafuna nditadziwa kuti 48 ameneyu akunena za ndani, za ine kapena za dzanja la aphunzitsi. Sizinkandipweteka kwambiri. Zinkangondidabwitsa, ngati mmene umadabwira ukadziona pa galasi la galimoto limene limafupikitsa munthu.

Kunyumba kunalibe nthawi ya mafunso otere. Kunali funso limodzi lokha, ndipo linkandichingamira ndisanatule n'komwe chikwama: "Nambala chani?"

Ababa anga amagwira ntchito ku Joni. Nkhani zonse zazikulu za ine ndi abale anga amagamula ndi amalume, mchimwene wa amayi, amene kwathu timawatcha anjomba. Ndi mmene zimakhalira kwathu, ndipo ababa sanatsutsepo. Anjomba amagula usipa kwa asodzi, n'kuuyanika pa thandala, n'kumautumiza m'matumba ku misika ya kutali. Ndi munthu wa mawu okweza, wokonda kuseka, ndipo ine ndinkawaopa kuyambira ndili wamng'ono, ngakhale sanandikalipirepo. Akandifunsa kanthu ndinkayankhira pansi, iwo n'kumati, "Mwana uyu amalankhula ndi nyerere."

Mwana wawo wamkazi, msuweni wanga, ndi wa msinkhu wanga. Tinaphunzira limodzi pulayimale yonse, ine nambala wani, iye thuu kapena firii. Iye anasankhidwira ku sekondale yoyendera ya kufupi ndi kwathu. Kumeneko ankakhala nambala wani teremu iliyonse, ndipo sankalola kuti ndiiwale. "Asuweni a ku bodingi," ankatero ndikafika pa holide, "mwatibweretsera chiyani? Nyemba zofumbwa?"

Teremu yachiwiri ya Folomu 3 ndinabwera ndi nambala 31.

M'mawa mwake anjomba anafika pakhonde pathu atanyamula malipoti awiri, langa ndi la msuweni wanga. Anawayala pa mkeka moyandikana n'kuwapsinja ndi foni kuti asauluke. Amayi anakhala chapatali akusankha mpunga. Ine ndinagwada pafupi ndi chitseko.

"Achemwali, bwerani muone," anatero kwa amayi. "Sayansi ya zamoyo. Uyu 82. Uyu 48. Chingerezi, uyu 79, uyu 51. Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma kuwerenga manambala ndimatha. Mwanayu tinamutumiza ali nambala wani. Atibwezera ali nambala 31. Anthu 30 amenewa achokera kuti?"

"Mufunseni mwini wake, achimwene," anatero amayi.

Anjomba anandiyang'ana. Ndinkafuna kufotokoza za manja aja a tsiku loyamba, ndi za masentimita. Ndinangoti, "Kumavuta, anjomba."

"Kumavuta! Ndiye tikusungiranji kumalo kovuta?"

Kenako anafotokoza zimene anamva. Pobwera kuchokera ku boma anakwera galimoto imodzi ndi bambo wina wovala tayi, amene anawauza kuti ku yunivesite amatenga ana a pamwamba pa sukulu iliyonse. Choncho mwana amene ali nambala wani pa sukulu yaing'ono ali ndi mwayi kuposa amene ali pakati pa sukulu yotchuka. Bamboyo sanamufunse dzina kapena ntchito yake, koma tayiyo inawakhutiritsa.

"Ndaganiza," anatero. "Teremu ikubwerayi achoke kumeneko. Adzalowe kuno ndi mnzakeyu. Wina wani, wina thuu, onse ku yunivesite. Alamu ndawauza kale pa foni, ati zimene ndanena ine ndi zomwezo."

Mpaka nthawi imeneyo sindinkadziwa kuti sukulu ija ndimaikonda. Ndinkadana ndi belu la m'mawa, ndinkadana ndi nyemba zija, ndinkasowa amayi. Koma ndinakumbukira tsiku limene tinaika kakhungu ka anyezi pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono, ine n'kuona tizipinda tondondozana ngati njerwa za khoma, mpaka mnzanga anachita kundikoka kuti nayenso aone. Ndinkafuna kubwerera. Ndinalibe njira yonenera.

Amayi sanadzutse mutu pa lichero. "Achimwene," anatero, "inu thumba la usipa mumagula osalimasula?"

"Ndani angatero? Pamwamba amaika wabwino, pansi wofumbwa."

"Ayi, ndimangofunsa. Poti apa mwagula ndi mapepala okha."

Anjomba anaseka mpaka kutsokomola. "Mkazi uyu! Chabwino. Timasula matumba onse awiri."

Mmene anakonzera zinthu ndi mmene amachitira pa malonda awo. M'nyumba yawo ina ya lendi munkakhala mayi wina wochokera kumpoto, mphunzitsi wa sayansi ya zamoyo pa sekondale ina ya kutali pang'ono, amene chaka chilichonse ankapita kukachonga nawo mayeso a boma. Tonse tinkangowatcha amadamu. Sanaphunzitsepo ine kapena msuweni wanga, ndipo zolemba zathu sankazidziwa. Anjomba anawapempha pepala lakale la mayeso, asankhemo mafunso okhawo amene a Folomu 3 aphunzira kale, kuti tonse awiri tilembe limodzi, iwo adzachonge ngati mmene amachongera a boma. Amene apambane, sukulu yake ndiyo yabwino. Msuweni wanga akapambana, ine ndisamuka.

Amadamu anayesa kukana. Anati pepala limodzi silingaweruze sukulu. Anjomba anati nawonso salawa thumba lonse, amangotapa dzanja limodzi.

Tinalemba Loweruka, anthu atangotuluka mu mzikiti masana, ndipo anjomba anati tidzaleka akadzaitanira swala yotsatira. Malo a mayeso anali pa thandala lawo, limene tsiku limenelo linalibe nsomba. Anayalapo makatoni kuti pakhale posalala, ine kumapeto kuno, msuweni wanga kumapeto uko, pakati pathu mtunda woti sitikanamvana ngakhale titakuwa. Amayi anauzidwa kuti atifufuze m'manja mwa madiresi ndi m'mipango ya kumutu. Anatero akuseka. Anjomba anakhala pa mpando pakati, atagwira kamtengo kothamangitsira nkhuku, nkhope ili gwa ngati wapolisi wa pa msewu.

Amayi amene amayanika nsomba pa mathandala oyandikana anasiya ntchito n'kubwera kudzaonerera.

"Akulemba chiyani ana?"

"Mayeso."

"Pa holide? Alakwa chiyani?"

"Chete kumeneko!" anatero anjomba. "Muno ndi mu holo."

"Holo yonunkha usipa," anatero mmodzi, onse n'kuseka.

Pepala lenilenilo linandidabwitsa. Ndinaliwerenga kawiri kufuna pamene pabisala msampha, chifukwa kusukulu kwathu funso lililonse linkakhala ndi msampha wake. Sindinaupeze. Mafunso ankafunsa chinthu chimodzi n'kuima. Ndinayamba kukayika kuti mwina ndine amene sindikuona, choncho ndinayankha mwa masiku onse, mawu ochepa, osaonjezera kanthu, n'kumabwereza kuwerenga yankho lililonse.

Msuweni wanga ankalemba ngati akuthamangitsidwa. Posakhalitsa anaimika dzanja. "Woyang'anira! Pepala lina!"

Anjomba anathamanga nalo okha. Atabwerera anaima kumbuyo kwanga, n'kuona kuti ine ndikadali pa tsamba lachiwiri, ndipo anapumira m'mwamba mondimvera chisoni. Msuweni wanga anaitanitsanso kawiri. Ulendo uliwonse anjomba ankayang'ana amayi aja ngati akuti, mwaona?

Atatiletsa kulemba, anati tisalembe maina. "Amadamu asadziwe kuti ili ndi la mwana wa mwini nyumba. Angachite manyazi." Anatulutsa m'thumba tinsalu tiwiri, kofiira ndi kobiriwira. Amalonda a usipa akamatumiza katundu pa lole imodzi, aliyense amamanga kansalu ka mtundu wake pakamwa pa matumba ake, kuti akafika kumsika asasokonezeke. Kansalu ka anjomba ndi kofiira, kuyambira kale, ndipo gombe lonse limadziwa. Kobiriwirako anabwereka kwa mnzawo. Anatiika m'chipewa chawo, n'kutiuza kuti aliyense atenge kamodzi osayang'ana, amange pa ngodya ya mapepala ake. Iwo anatembenuka n'kutipatsa msana.

"Ngakhale ine ndisadziwe," anatero. "Chilungamo."

Ine ndinatenga kofiira. Msuweni wanga anatenga kobiriwira. Tinamanga, amayi n'kuika zonse mu envelopu yaikulu.

Masiku odikira zotsatira ndinkakhala kwambiri ndi msuweni wanga. Tsiku lina tikuchapa anandifunsa za funso lina limene linkafuna kuti tifotokoze zimene zimaoneka ukaika tsamba pa makina aja.

"Iwe unawagwirapo?"

"Ee."

"Ndi manja akowa?"

"Ee. Timakhala anayi pa amodzi."

"Ife amatijambulira pa bolodi," anatero. "Aphunzitsi amati, apa mumaika diso. Ndiye tonse timatsinzina diso limodzi n'kuyang'ana bolodi." Anaseka, kenako anandiwaza madzi a sopo. "Koma ndalemba masamba asanu ndi limodzi, asuweni. Inu angati?"

"Atatu."

"Atatu! Konzekani kuyenda wapansi. Musadandaule, nambala thuu ndikusungirani. Ndizikubwerekani ndi njinga Lachisanu."

Ankanena moseka, koma ndinaona kuti akufunadi kuti ndibwere. Anati kusukulu kwawo alibe wopikisana naye, ndipo nthawi zina amalemba yankho lolakwika dala kuti aone ngati aphunzitsi azindikire. Tsiku limenelo ndinalemba mu kope langa kuti mwina kusamuka sikungakhale koipa. Ndizidya za amayi, ndiziyenda ndi msuweni wanga, ndipo ndizimvanso dzina langa likutchulidwa koyambirira. Ndinaliyang'ana tsambalo kwa kanthawi, n'kulemba pansi pake kuti, koma sindikufuna.

Amadamu anabwera ndi envelopu ija Lachitatu masana. Tinasonkhana pakhonde pa anjomba: iwo, amayi, msuweni wanga ndi ine. Amadamu anakhala pa mpando n'kutulutsa mapepala mosafulumira.

"Poyamba ndinene kuti ana onse awiri akhoza," anatero. "Ndipo akhoza bwino. Ili la kansalu kobiriwira lapeza 63. Mwini wake ndi wanzeru, amakumbukira zambiri, koma amathira zonse zimene akudziwa pa funso limodzi, ngati munthu wothira mchere ndi dzanja. Ili la kofiira lapeza 74. Mwini wake ndi woumira mawu. Ndinafunafuna poti ndidule, osapapeza."

Anjomba anali ataimirira kale. "Kofiira! Mwamva? Kofiira!" Anaomba m'manja n'kuloza mwana wawo. "Nyumba yanga imeneyo! Ndinanena ine! Achemwali, thumba lija tamasula, mwaona nokha."

Zaka zonse za moyo wawo, chilichonse chomangidwa kansalu kofiira chinali chawo. Anaiwaliratu za chipewa chija, anaiwala kuti anatipatsa msana. Sanafunse aliyense. Anatulutsa foni n'kuyamba kuimbira ababa ku Joni, ataika mawu pokweza kuti tonse timve.

Amadamu sankadziwa kuti pepala lililonse ndi la ndani, choncho anangomwetulira. Amayi anandiyang'ana, chifukwa iwo anaona pamene tinkamanga, koma sanatsegule pakamwa. Mchimwene wawo anali atawamvera kamodzi, ndipo kumutsutsanso pamaso pa mlendo sakanatha. Ndinayang'ana msuweni wanga. Nkhope yake inali itagwa. Ankayang'ana pepala lochindikala lija, la kansalu kobiriwira, limene linali pa miyendo ya amadamu.

Foni inkaitana. Ndinadziwa kuti ababa akangoyankha, nkhani yatha, ndipo sabata yotsatira anjomba apita okha kukatenga kalata yosamukira. Ndinadziwanso kuti ndikalankhula, ndichotsa chimwemwe pa nkhope ya anjomba pamaso pa anthu, ndipo msuweni wanga ndiye atsale pa mbalambanda.

"Kofiira ndi kanga," ndinatero.

Palibe anamva. Ngakhale ine sindinadzimve bwino.

"Halo, alamu!" anakuwa anjomba. "Salaam aleikum! Nkhani yabwino kuno!"

Msuweni wanga ananditsina pa ntchafu, kolimba. "Kweza mawu, iwe," ananong'ona osandiyang'ana. "Ine sindikunenera. Nena wekha."

Ndinaimirira. Sindinaimirirepo pamaso pa anjomba iwo akulankhula.

"Anjomba, pepani. Kansalu kofiira ndinatenga ndine."

Mawuwo anatuluka okweza kuposa mmene ndinkafunira, moti nkhuku imene inali pansi pa mpando inathawa. Mu foni munkangomveka ababa: "Halo? Halo, alamu? Netiweki yathawa kodi?"

Anjomba anatenga mapepala onse awiri kwa amadamu. Zolemba zathu sanaziyang'ane n'komwe. Anawanyamula lina dzanja ili, lina dzanja ilo, ngati akuyesa kulemera kwake. Lofiira linali lopepuka. Anakumbukira maulendo aja anathamanga ndi mapepala oonjezera, ndipo ndinaona pa nkhope yawo pamene anakumbukira. Anakhala pansi.

"Alamu, ndikuimbiraninso," anatero, n'kudula.

Anatembenukira kwa mwana wawo. Mawu awo anali otsika, mmene sindinawamvepo. "Nanga 82 uja?"

"Ndi wanga, ababa," anayankha msuweni wanga. "Sindinabe."

"Sanabe," anatero amadamu. "Aphunzitsi ake anamupatsa zimene anayenera pa mayeso amene anamufunsa. Uyunso 48 wake ndi woona, pa mayeso a kwawo. Ndinakuuzani, bambo, kuti pepala limodzi silingaweruze sukulu. Mwana wanuyu mafunso amene wataya ambiri ndi ofuna kuti munthu anaonapo chinthucho ndi maso. Akanakhala kuti anaona, sindikudziwa kuti zikanatha bwanji."

"Nanga za ku yunivesite? Munthu uja anati amatenga a pamwamba pa sukulu iliyonse."

"Kasankhidwe kamasintha, ndipo ine sindikhala nawo posankha, ndiye sindingakulonjezeni kanthu. Chimene ndikudziwa ndi cha pa tebulo langa. Pepala likafika pamenepo silinena kuti mwini wake anali nambala chani m'kalasi mwake. Ndimachonga zimene zalembedwa basi."

Anjomba anakanda m'mutu pansi pa chipewa. Anayang'ana ine kwa nthawi yaitali, ine ndikadali chiimire chifukwa sindinkadziwa ngati ndiyenera kukhala.

"Ndiye umatha kulankhula," anatero.

"Ee, anjomba."

"Ukufuna kubwerera kovuta kuja?"

"Ee, anjomba."

"Ngakhale akupatse 48?"

"Ee."

Anaimbanso foni. "Alamu, ndi ine. Zija ndinanena zija zisiyeni. Mwana abwerera komwe anali." Ababa anafunsa kuti nanga nkhani yabwino ija ndi iti. Anjomba anati, "Ndi imeneyo," ndipo anapereka foni kwa amayi.

Msuweni wanga sanandilankhule masiku onse otsala a holide. Sanakwiye moonekera. Ndikafika kwawo ankapezeka kuti watumidwa, ndikapita kumjigo ankapezeka kuti watunga kale. Ndinkafuna kumupepesa, koma sindinkadziwa kuti ndipepese chiyani, ndipo ndinkamudziwa kuti ndikangoyamba andiseka kapena andimenya. Ndinaganizanso zambiri za 74 uja. Ndinkayembekeza kuti andisangalatsa, koma anangondionjezera mafunso. Mutu womwewo, dzanja lomwelo, mwezi womwewo, uku 48, uku 74. Ndinafunsa amayi kuti weniweni ndi uti. Anati ndisiye kufunsa zinthu ndikusenda anyezi, ndidzicheka.

Tsiku lobwerera kusukulu anjomba anabwera okha kudzandiperekeza ku msewu. Anamanga chikwama changa pa njinga yawo n'kumaikankha, ine ndikutsatira pambuyo. Tinayenda mpaka pamene timadikirira galimoto zopita ku boma. Atamasula chikwama anayang'ana uku ndi uku, ngati munthu amene akufuna kugula chinthu mobisa.

"Tandiuza," anatero motsitsa. "Kusukulu kwanuko, mwana wochokera kwina amamulandira? Wanzeru, wa nambala wani?"

"Sindikudziwa, anjomba."

"Ukafunse. Koma mnzakoyo asamve kuti ndakutuma."

Ndinakafunsa. Zinanditengera sabata yathunthu kuti ndigogode pa chitseko cha ahedi, ndipo kawiri ndinafika pakhomo n'kubwerera. Ulendo wachitatu anatsegula okha akutuluka, n'kundipeza nditaima pamenepo. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, ngakhale ndinkachita chibwibwi. Anati malo kulibe, mabedi ndi odzaza, ndipo ngakhale akanakhalapo, kulowa pakati pa Folomu 3 si nkhani imene iwo angagamule okha. Anandifunsa dzina ndi kalasi, n'kunena kuti aka kanali koyamba kumva mawu anga.

Mafoni sankaloledwa kusukulu. Loweruka tinkaima pa mzere kwa amatironi kuti tiimbire kunyumba pa foni yawo. Ndili pa mzerepo ndinkakonza m'mutu mmene ndiwauzire anjomba mofewa. Nditaimba, amene anayankha sanali iwo.

"Ababa ali kugombe," anatero msuweni wanga. Aka kanali koyamba kundilankhula chichokereni tsiku lija. "Akana, eti?"

"Wadziwa bwanji?"

"Ababa akabisa chinthu amayenda nacho ngati chithupsa. Mudzi wonse ukudziwa kuti anakutuma." Mu foni ndinkamva nkhuku ndi wailesi ya kwawo. "Ndinadziwa kale kuti akana. Zisiye. Wabwera nacho cholembera?"

"Ayi."

"Ndiye ungonena, ndilemba ndine. Funso la impso lija la pa thandala, ine ndinadzaza tsamba lonse n'kupatsidwa malikisi awiri. Iwe unayankha chiyani?"

Kumbuyo kwanga atsikana anali atayamba kudandaula kuti ndikuchedwa. Ndinatembenukira kukhoma, n'kutseka khutu linalo ndi chala, ndipo ndinayamba kumuuza.